Malikisi okwera ndi kutsika satseka khomo la masters

Envulopu ya khaki idakhala pansi pa sutikesi zaka zinayi. Mwini wake, msuweni wanga yemwe ndi mtolankhani pa wailesi ina ya kumudzi, sankafuna n'kuitsegula komwe. M'katimo mudali transcript, chikalata chomwe sukulu ya ukachenjede imalembapo malikisi onse a wophunzira kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza.

Chaka choyamba adakhoza bwino. Chachiwiri bambo ake adamwalira mayeso ali pafupi, fizi idasowa, ndipo adalephera maphunziro awiri n'kukalemba sapu. Chachitatu adangopulumukira pang'ono. Chachinayi ndiye adabwerera mwakale, malikisi n'kukwera kuposa a chaka choyamba. Koma pophatikiza zonse, digiri idatuluka yongoti wakhoza, yopanda credit kapena distinction.

Lero mtsikanayu akufuna digiri yachiwiri, ya masters, pa za utolankhani. Mayi ake, azakhali anga omwe amagulitsa tomato ndi kabichi pamsika wa Lizulu, adayamba kale kufunsa mtengo wa ng'ombe zawo ziwiri. Chomwe chidaimitsa mitu pakhomopo n'choti: kodi pepala lachilema chotere angalilandire kuti?

Funsoli lili m'makomo ambiri. Ana ochuluka ochokera m'mabanja a alimi ndi ochita malonda amaphunzira akulimbana ndi njala, matenda, maliro komanso kuthamangitsidwa kaamba ka fizi, ndipo zonsezi zimasiya zipsera pa transcript.

Malikisi amawerengedwa ndithu

Tisanamizane, osankha ophunzira amayambira pa malikisi. Ku Britain digiri yoyamba imagawidwa m'magulu: first, upper second yomwe amailemba 2:1, lower second kapena 2:2, kenaka third. Maphunziro ambiri a masters amafuna 2:1, pomwe ena amalandira 2:2 ngati munthuyo wagwirapo ntchito kwa nthawi. Kuno kwathu timadziwa distinction, credit ndi pass, choncho mayunivesite ambiri akunja amalemba pa intaneti zomwe amafuna kwa wophunzira wa dziko lililonse. Kuwerenga zimenezi n'kwaulere, ndipo kumapulumutsa munthu kutaya ndalama pa khomo lomwe silingatseguke.

Ngakhale zili choncho, pepala siliwerengedwa ngati nambala imodzi yokha. Wophunzira yemwe adagwa pakati n'kudzuka kumapeto amaoneka mosiyana ndi yemwe adayamba bwino n'kumatsika mpaka pomaliza. Chimodzimodzi kulephera masamu ndi kulephera phunziro la kalembedwe ka nkhani sizilemera mofanana kwa munthu wofuna utolankhani. Malikisi a kafukufuku wa chaka chomaliza nawo amayang'anidwa kwambiri, chifukwa masters ndi yodzaza ndi ntchito yotere.

Mwayi wina wa atolankhani ndi woti ntchito yawo imaoneka ndi maso, imamveka ndi makutu. Sukulu ya utolankhani ya Columbia ku New York, yomwe idatsegulidwa mu 1912 ndi chuma chomwe adasiya Joseph Pulitzer, imafuna transcript, komanso imafuna zitsanzo za nkhani zomwe munthu adalemba ndi makalata atatu a anthu omuchitira umboni. Sukulu zina zambiri zimachita chimodzimodzi. Nkhani zitatu zofufuzidwa bwino, monga ya kusowa kwa mankhwala pachipatala kapena ya madzi pamsika, zikhoza kuyankha mafunso omwe malikisi a chaka chachiwiri adzutsa.

Kufotokoza popanda kudandaula

Pafupifupi fomu iliyonse imakhala ndi malo oti munthu alembe za iye mwini ndi chifukwa chomwe akufunira maphunzirowo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Ena amabisa chaka choipacho poganiza kuti sichioneka, pomwe ena amadzaza tsamba lonse ndi maliro mpaka owerenga osamva chomwe wopemphayo akufuna kukaphunzira.

Mtolankhani akuyenera kulemba za iye mwini monga momwe amalembera za ena: chidachitika n'chiyani, liti, ndipo zotsatira zake zidali zotani. Ziganizo zitatu n'zokwana. Bambo adamwalira chaka chakuti, malikisi adatsika chaka chimenecho, adakweranso chaka chakuti. Ngati pali chikalata cha imfa kapena cha kuchipatala, chisungidwe pafupi. Kunyoza aphunzitsi kuti adali ndi nkhanza sikuthandiza ngakhale zitakhala zoona, chifukwa owerenga kalatayo nawonso ndi aphunzitsi. Malo otsalawo apite pa ntchito yomwe wagwira ndi nkhani yomwe akufuna kukafufuza.

Posankha omuchitira umboni, dzina lalikulu silipindula kwenikweni. Kalata ya phungu yemwe sadawerengepo nkhani yako imaposedwa ndi ya mphunzitsi yemwe adakuona ukudzuka chaka chomaliza, kapena ya mkonzi yemwe amakonza nkhani zako sabata iliyonse.

Njira yodzera pa mlatho

Kwa yemwe malikisi ake sakufika, pali njira yotalikirapo. Ku South Africa, pakati pa digiri yoyamba ndi masters pali chaka cha honours, ndipo sukulu zina zili ndi dipuloma ya omwe adamaliza kale digiri. Yunivesite ya Rhodes ku Makhanda, tauni yomwe inkatchedwa Grahamstown mpaka 2018, ndi ya Witwatersrand ku Johannesburg ndi zina mwa zodziwika pa utolankhani. Kuti munthu achoke pa honours kupita ku masters, nthawi zambiri amafuna malikisi osachepera 60 kapena 65 pa 100. Ubwino wake ndi woti akakhoza bwino chaka chimenecho amakhala ndi pepala latsopano, ndipo lakale lija silikhalanso lokhalo lomuyankhulira.

Mapepala ochokera kunja kwa dzikolo amayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA. Kumeneko kulinso dongosolo lotchedwa RPL, lomwe limalola sukulu kuganizira luso lomwe munthu adapeza pa ntchito. Komanso mu 1997 maiko a SADC adasainirana ku Blantyre pangano la maphunziro lofuna kuti ophunzira a m'chigawochi azitengedwa ngati nzika pa nkhani ya fizi. N'chifukwa chake m'mayunivesite ambiri a boma kumeneko Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kuonjezerapo ndalama ina ya ophunzira ochokera kunja, chiphaso chophunzirira ndi inshulansi ya chipatala.

Kuno kumudzi nako si kopanda kanthu. Sukulu ya Polytechnic, yomwe idasanduka MUBAS mu 2021, yakhala ikusula atolankhani kwa zaka zambiri. Ife a dipuloma njira yathu imayambira pa digiri yoyamba, ndipo phunziro lake n'lomwelo: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ng'ombe zisapite msanga

Kupeza malo ndi khomo limodzi, kupeza ndalama ndi khomo lina. Thandizo la Chevening, lomwe boma la Britain lidayambitsa mu 1983, limalipira fizi, ndege ndi ndalama yodyera kwa chaka chimodzi cha masters. Limafuna munthu yemwe wagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri, omwe ndi maola 2,800, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka ziwiri. Wopempha amasankha maphunziro atatu, ndipo yunivesite imodzi ikuyenera kumupatsa malo. Apa nzeru ndi yoti mwa atatuwo mukhale amodzi omwe amalandira malikisi ngati ake.

Makolo adziwe kuti ndalama zoyamba n'zazing'ono koma zambiri: yotulutsira transcript, younikira mapepala, pasipoti ndi mayeso a Chingerezi monga IELTS. Ngongole ya fizi yakale ithe kaye, poti sukulu zambiri sizitulutsa mapepala a munthu wangongole. Munda kapena ziweto zisagulitsidwe kalata yopereka malo isadafike m'manja.

Chenjezo lina ndi la madobadoba omwe amalonjeza kukonza malikisi pa kompyuta. Mayunivesite amatha kufunsa kusukulu komwe pepala lidachokera, ndipo chinyengo chikadziwika malo amalandidwa, nkhani n'kutha kukafika kupolisi. Mtolankhani wogwidwa ndi pepala labodza ndani angakhulupirirenso nkhani zake?

Msuweni wanga adaitsegula envulopu ija. Adasankha nkhani zake zinayi, adapempha makalata kwa mphunzitsi wake wa chaka chomaliza ndi mkonzi wake, ndipo za imfa ya bambo ake adazilemba m'mizere itatu. Wapempha malo a honours kusukulu imodzi ndi a masters kusukulu ina. Yankho silidabwere. Azakhali akadali pamsika wa Lizulu, ndipo ng'ombe ziwiri zija zikadali m'khola.