KODI KULEKA FACEBOOK KUMAKHAZIKA MTIMA PANSI?

Masiku ano mafoni a m'manja afika m'midzi yambiri, ndipo anthu ambiri, makamaka anyamata ndi atsikana, amataya nthawi yaitali pa Facebook, TikTok ndi zina zotere. Ena ayamba kudandaula kuti sagona tulo tabwino, ndi kuti mtima wao sukhazikika. Tsono funso ndi ili: kodi munthu akaleka zimenezi amapeza bwino? Anthu ophunzira a ku America anayesa kuti aone, ndipo pano tikuuzani zimene anapeza.

M'caka ca 2018, aphunzitsi a pa sukulu zazikulu za Stanford ndi New York analipira anthu ena kuti atseke Facebook yao kwa milungu inai. Anthu ena anawasiya kuti apitirize monga mwa masiku onse, kuti pambuyo pake ayerekeze magulu awiriwo. Amene anatseka aja anapeza kuti tsiku liri lonse atsala ndi nthawi yokwana ngati ola limodzi. Nthawi imeneyi anaonera televizioni, kapena kuceza ndi abale ndi abwenzi maso ndi maso. Itatha milungu inai, iwowa anali okondwako kuposa anzao aja, ndipo nkhawa ndi cisoni zinacepako. Ataloledwa kubwereranso ku Facebook, sanakhalitsepo monga kale.

Koma tinene zoona: kusinthaku kunali kocepa. Ndiponso panali cina cimene anataya. Inali nyengo ya masankho, ndipo atawafunsa nkhani za dziko lao, sanazidziwe bwino monga anzao, pakuti nkhani zambiri ankazimvera pa Facebook pomwepo.

Caka comweco, pa sukulu yaikulu ya Pennsylvania anayesa njira yina ndi ophunzira 143. Ena mwa iwo anawauza kuti asaleke konse, koma acepetse: mphindi 10 pa tsiku pa Facebook, 10 pa Instagram, ndi 10 pa Snapchat, kwa milungu itatu. Amenewa kusungulumwa kwao kunacepa, ndipo amene anathandizidwa koposa ndi aja amene poyamba anali ndi cisoni cacikulu.

Nanga cimabvuta mtima nciani? Coyamba, anthu amaonetsa pa foni zabwino zao zokha: cobvala catsopano, galimoto, phwando la ukwati. Ngongole ndi matenda sazijambula. Woonerayo amayamba kudziyesa wotsalira, cikhalireco anzakewo ali ndi mabvuto ao. Caciwiri, nyuzi iri ndi tsamba lomariza, koma Facebook iribe. Eni ake amapeza ndalama mwa kulengeza malonda, motero anaikonza kuti munthu asacokepo msanga. Cacitatu, munthu amene agona ndi foni m'manja amacedwa kugona, ndipo wosagona bwino amadzuka waukali ndi wolefuka. Paja akulu anati, cakomacakoma pusi anagwa cagada.

Ngati mufuna kuyesa, yambani ndi mlungu umodzi. Uzani abale anu, makamaka amene ali kutali monga ku Johannesburg, kuti akafuna kukupezani aziimba foni, kuti angade nkhawa. Nkhani za dziko muzimvera pa wailesi. Usiku ikani foni kutali ndi pogona. Masiku oyamba adzakhala obvuta, cifukwa dzanja limapita lokha m'thumba. Cacikulu ndi ici: konzeranitu cimene mudzacita ndi nthawi yotsalayo. Pitani ku dimba, ku mpira, ku kwaya, kapena kasewereni bawo ndi anzanu. Munthu amene angotseka Facebook nakhala yekha m'nyumba angathe kusungulumwa koposa kale.

Aphunzitsi, kambani nkhaniyi ndi ana a makalasi akulu. Afunseni awerenge maola amene ataya pa foni m'mlungu umodzi, ndi ndalama zimene zapita ku bandulo. Mwana akadziwerengera yekha amamva msanga kuposa wokalipiridwa.

Potsiriza, kumbukirani kuti kuleka Facebook si mankhwala a nthenda iri yonse ya maganizo. Ngati munthu ali ndi cisoni kwa milungu yambiri, sakudya, sakugona, kapena alankhula za kudzipha, musazengereze. Pitani naye ku cipatala msanga, ndipo musamsiye yekha.