Botolo la chiponde lomwe silinakwere ndege

Papita zaka pafupifupi 20 chikhazikitsireni lamulo loletsa kukwera ndege ndi zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 m'chikwama cha m'manja. Linabwera mu 2006, apolisi a ku Britain atatulukira chiwembu chofuna kuphulitsa ndege ndi mabomba obisa m'mabotolo a zakumwa. Mabwalo ena a ndege kumeneko ayamba kulifewetsa atagula makina oona bwino za m'kati mwa katundu, koma m'malo ambiri likadaluma.

Linaluma mayi ena achikulire pa bwalo lina la ndege m'mawa wina. Anali paulendo wokaona mwana wawo yemwe wangochira kumene ku Leeds. Chikwama chawo chitatuluka m'makina, chinapatulidwa. Mtsikana wa yunifolomu, magolovesi ali m'manja, anatsegula zipi n'kutulutsa kamtolo ka chitenje komanga mfundo ziwiri. M'katimo munali botolo la chiponde chosinja okha mumtondo, mafuta atayandama pamwamba, chivindikiro atachimata ndi selotepi. Mayiwo anafotokoza mwaulemu kuti si madzi, ndi mtedza chabe, ndipo anapempha kuti alaweko pamaso pa onse. Mtsikanayo anayankha mofatsa kuti chilichonse chopakika chimawerengedwa ngati chamadzimadzi. Botolo linapita m'bini. Chitenje anawabwezera, iwo n'kuchipinda pang'onopang'ono, manja akunjenjemera. Kapepala kosonyeza kuti alandidwa kanthu sanapatsidwe.

Mkangano wagona pa biniyo. Apaulendo amafunsa kuti ngati botololo ndi loopsa, bwanji likuponyedwa pamodzi ndi anzake pafupi ndi mzere wa anthu? Oikira kumbuyo lamuloli amati wachitetezo alibe nthawi yopima botolo lililonse, ndipo cholinga n'chakuti wachiwembu adziwiretu kuti sadutsa nalo.

Yankholi n'lomveka, koma limagwira ntchito pokhapokha ngati zoopsa zenizeni zikugwidwadi. Mu 2015 ku America, akuluakulu a boma anatuma anthu odzizimbaitsa ngati apaulendo, atanyamula zida ndi mabomba oyerekezera. Anadutsa nazo maulendo 67 mwa 70. Nkhaniyo inaphulika kudzera kwa atolankhani, ndipo mkulu wa nthambi yoona za chitetezo pa mabwalo a ndege anachotsedwa pampando. Nthawi zambiri zotsatira za mayeso otere zimabisidwa, ati kuopa kuonetsa zigawenga polowera. Komatu munthu amene wavula lamba n'kutaya mphatso ya mwana wake popanda kukana ayenera kuuzidwa ngati makinawo ndi owayang'anira akukhoza, komanso kumene zolandidwazo zimathera.

Oyendayenda anazolowera kale. Chiponde, uchi ndi tsabola wa m'botolo amazikulunga m'zovala n'kuzilonga m'sutikesi yaikulu yopereka pakauntala, ndipo amakumbutsana pa WhatsApp usiku woti mawa anyamuka. Ogwa m'mbunayi kawirikawiri ndi makolo okwera ndege koyamba, omwe chinthu chamtengo wapatali safuna chichoke m'manja mwawo.