Phukusi la mawu likamadzitumiza lokha, ndani amayang'anira ŵ?

Tiyerekeze kuti ophunzira asonkhanitsa mawu a Chiyao kwa Kawinga ku Machinga, ndipo akufuna kuti opanga mapulogalamu aziwagwiritsa ntchito. Njira yake ndi kuwamanga kukhala package, ife tingoti phukusi, n'kuliika m'nkhokwe ya pa intaneti yomwe aliyense angatapemo. Nkhokwe zodziwika ndi PyPI ya Python, yomwe idayamba mu 2003, ndi npm ya JavaScript, ya mu 2010.

Masiku ano ambiri satumizanso phukusi pamanja. Amalemba malangizo kamodzi pa GitHub Actions, basi. Mwini ntchito akangoika nambala yatsopano, mwachitsanzo 1.2.0, kompyuta imayesa mafayilo, kumanga phukusi, n'kulitumiza kunkhokwe. Kuyambira 2023, PyPI ili ndi njira yotchedwa Trusted Publishing: nkhokwe imazindikira yokha kuti phukusi lachokeradi kwa mwini wake, popanda kusunga password yokhalitsa.

Koma pali lamulo lolimba. Nambala ikatuluka, yatuluka. PyPI ndi npm salola kuti mutumizenso zina pa nambala yomweyo. Mukalakwitsa mumatulutsa 1.2.1, pamene ena adatapa kale zolakwikazo.

Apa ndi pomwe ife a zinenero tikulowera. Taonani mawu a Chiyao akuti ŵandu, kutanthauza anthu. Mu Unicode, ŵ amalembeka pawiri: ngati chilembo chimodzi, U+0175, kapena ngati w wotsatana ndi kachipewa, U+0302. M'maso n'zofanana, koma kwa kompyuta n'zosiyana. Munthu akhoza kufufuza ŵandu osawapeza, chonsecho mawuwo alimo. Choipa kwambiri, pulogalamu ina ikhoza kungochotsa kachipewako osanena.

Chinanso ndi chizindikiro cha chinenero. Pa ISO 639, Chichewa ndi ny kapena nya, pomwe Chiyao chilibe cha zilembo ziwiri, ndi yao basi. Dongosolo longolandira zilembo ziwiri ndiye kuti Chiyao latsekera kunja.

Nanga titani? Mayeso a chinenero alembedwe m'malangizo momwemo: ŵ aliyense akhale wa mtundu umodzi, wotchedwa NFC, chizindikiro cha chinenero chikhale cholondola, chiwerengero cha mawu chisatsike popanda chifukwa. Chimodzi chikalephera, phukusi lisatuluke. Kompyuta sidziwa Chiyao, imangotsata zomwe yauzidwa. Choncho wodziwa kalembedwe azikhalapo pamene mayesowo akulembedwa, osati kuitanidwa phukusi litafika kale m'nkhokwe.