BOTOLO LAKALE LIMENE LINAULULA CINSINSI CA KHANSA

Munthu akadziceka ndi mpeni pa cala, bala limapola m'masiku owerengeka. Mnofu watsopano umamera nudzaza pamene panang'ambika, ndipo ukafika pa mlingo wake umaleka. Kodi ndani amauuza kuti uyambe kumera? Nanga ndani amauuza kuti basi, pakwana? Funso laciwirili ndilo lalikulu, pakuti mnofu umene umangomera osamva kuletsa ndiwo umene madokotala amaucha khansa.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. Selo limaculuka mwa kugawika pakati, koma siligawika mwa kufuna kwake iai. Limayembekeza uthenga wocokera kwa anzake. Uthengawo ukafika pa khoma la selo umalandiridwa ndi mlonda wa pakhomo, amene amaupereka kwa wina, winayo kwa winanso, monga momwe mau a mfumu amayendera kupyolera mwa nduna, kufikira atafika pakati pa selo pamene pamasungidwa malangizo onse. Amithenga amenewa ndi mapuloteni.

M'zaka za m'ma 1950, Edmond Fischer ndi Edwin Krebs a ku Seattle anapeza njira imodzi imene puloteni imadzutsira inzake: imaimata kacidutswa ka fosifeti. Alimi amalidziwa dzinali, cifukwa fosifeti alimo mu feteleza wa Compound D. Kacidutswako kakamatidwa, puloteni imayamba nchito, kakacotsedwa, imagona. Puloteni yogwira nchito yomatayi imachedwa kinase. Tsono puloteni iri ngati mkanda wotungidwa ndi timikanda ta mitundu 20, ndipo kwa zaka zoposa 20 akatswiri anali kudziwa kuti fosifeti amamatidwa makamaka pa mitundu iwiri, serine ndi threonine. Panalibe woganiza zofunafuna wacitatu.

MUNTHU WOFUFUZA MBEWA NDI NKHUKU

Dr. Tony Hunter anabadwa m'caka ca 1943 ku Ashford m'dziko la England, naphunzira pa yunivesite ya Cambridge. Mu 1975 anakhazikika pa Salk Institute ku California. Iwo si dokotala wa odwala. Nchito yao inali yofufuza kacirombo ka polyoma kamene kamameretsa zotupa mu mbewa zoyeserapo, ndipo wodutsa akanatha kufunsa kuti ndalama zikutayikiranji pa matenda a mbewa pamene anthu ali kufa.

Mu 1979 a Hunter anafuna kudziwa kuti fosifeti wamatidwa pa kamkanda kati m'puloteni ya kaciromboko. Njira yake inali yakuti puloteni imaphwanyidwa ndi asidi, zidutswazo n'kudonthezedwa pa mbale yopyapyala yonyowetsedwa ndi madzi a mankhwala. Akapititsamo magetsi, mtundu uliwonse umayenda mtunda wakewake nusiya kadontho pa filimu. Madzi amenewa anayenera kukhala owawasa pa mlingo wa pH 1.9. A Hunter amavomereza okha kuti anacita ulesi kusakaniza atsopano; anatenga botolo lakale limene anali ataligwiritsa nchito kambirimbiri. Osadziwa kuti madziwo anali atasintha pang'ono, kufika pa 1.7.

Filimu itatsukidwa, kadontho kanaoneka pamalo acilendo, pakati pa malo a serine ndi a threonine. Ambiri a ife tikanati filimu yadetsedwa, tiitaye. Iwo anabwereza, kadontho kanabwereranso pomwepo. Pamenepo anakumbukira kuti pali kamkanda kacitatu kokhoza kugwira fosifeti, kochedwa tyrosine. Anadzipangira okha tyrosine womatidwa fosifeti, namuyendetsa pa mbale, ndipo anakaima ndendende pa kadontho kaja. Pambuyo pake cinadziwika cifukwa cimene ena onse sanamuonere: m'madzi osakanizidwa bwino, tyrosine ndi threonine amayendera limodzi n'kuunjikana pa dontho limodzi. Osamala malamulo anabisidwa cinthuco ndi kusamala kwao. Komabe tisapatse ulesi ulemu wosauyenera. Botolo linangosuntha kadontho. Anakana kukanyalanyaza ndi munthu.

Zotsatirazi zinasindikizidwa kumapeto kwa 1979, pamodzi ndi Walter Eckhart ndi Mary Anne Hutchinson. Caka cotsatira, a Hunter ndi Bart Sefton anatembenukira ku nkhuku. Kale mu 1911 Peyton Rous anali atapeza kacirombo komeretsa khansa mu nkhuku, ndipo mu 1976 Michael Bishop ndi Harold Varmus anaonetsa kuti cida cimene kaciromboko kamaphera, cochedwa src, kanaciba m'maselo abwinobwino a nkhuku zomwezo. Ofufuza ena anali atalengeza kuti src imamata fosifeti pa threonine. A Hunter ndi Sefton anatsimikiza kuti ndi pa tyrosine. M'caka comweco ca 1980, gulu la Stanley Cohen linapeza kuti mlonda wa pakhomo la selo, wolandira uthenga wakuti "kula", nayenso amamata pa tyrosine.

Apa mpamene zinthu zinalumikizana. M'selo labwino, fosifeti wa pa tyrosine ndi wocepa kwambiri, safika ngakhale gawo limodzi pa 100 la fosifeti yense wa pa mapuloteni, cifukwa ndi cizindikiro cosungidwira mauthenga akuluakulu. Khansa zambiri zimayamba pamene mthenga woteroyo waonongeka nayamba kupfuula "gawika, gawika" usana ndi usiku, popanda womutuma.

ZAKA 22 KUFIKIRA PA MBULU WA MANKHWALA

Pali khansa ya m'magazi yochedwa chronic myeloid leukaemia, mwacidule CML. Wodwala amatopa, amaonda, amatuluka thukuta usiku, kapamba amatupa, ndipo maselo oyera a m'magazi amaculuka mopitirira. Mu 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford a ku Philadelphia anaona kuti m'maselo a odwalawa muli kromosomu imodzi yofupika modabwitsa. Mu 1973 Janet Rowley anaonetsa kuti kromosomu 9 ndi 22 zimaduka n'kusinthana zidutswa. Pa mfundo yolumikizirapo pamabadwa puloteni yacilendo, BCR-ABL, ndipo m'zaka za m'ma 1980 zinadziwika kuti imeneyi ndi kinase wa tyrosine wosadziwa kugona.

Ngati mthenga mmodzi ndiye wapenga, bwanji osatseka pakamwa iye yekha? Ambiri anakayika, poti ma kinase amafanana kwambiri ndipo mankhwala oletsa mmodzi akanaletsa onse. Nicholas Lydon ndi anzake pa kampani ya Ciba-Geigy ku Switzerland, imene pambuyo pake inakhala Novartis, anapanga mankhwala olowa m'kabowo ka BCR-ABL monga kiyi wothyokera m'loko. Dokotala Brian Druker wa ku Oregon anayamba kuwayesa pa odwala mu 1998. Mwa odwala 54 amene analandira mlingo wokwanira, 53 magazi ao anabwerera mwakale. Mu May 2001 boma la America linavomereza mankhwalawa, imatinib, amene amagulitsidwa ndi dzina la Gleevec kapena Glivec. Kale wodwala CML kawirikawiri anali kukhala zaka zosapitirira zisanu. Lero ambiri omwa mbulu wao tsiku ndi tsiku amakhala moyo wotalika pafupifupi ngati wa anzao.

Owerenga asaganize kuti khansa yonse yagonja. CML ndi yosavuta kuilasa cifukwa imadalira mthenga mmodzi. Khansa zina ziri ndi amithenga opotoka ambiri, ndipo ukatseka mmodzi uthenga umalambalala. Ngakhale mu CML momwemo, kabowo kaja nthawi zina kamasintha maonekedwe, kiyi osalowanso, ndiye cifukwa cake panabwera dasatinib mu 2006 ndi nilotinib mu 2007. Khansa ya khomo la ciberekero, imene imapha amai ambiri kuno ku Zambia, siimva mankhwala awa. Cida cake ndi katemera wa HPV kwa atsikana ndi kupimitsa msanga.

Vuto lina linali mtengo. Mu 2001 mankhwala a caka cimodzi anali kugulidwa pa madola oposa 25,000 ku America, ndipo mtengowo unakwera kupitirira 100,000, ngakhale kuti kampaniyo inali kugawa ena kwaulere m'maiko osauka. Mu April 2013 khoti lalikulu la India linakana kupatsa Novartis umwini wa mankhwalawa m'dzikomo, motero makampani a kumeneko anapitiriza kupanga otsika mtengo. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linaika imatinib pa mndandanda wa mankhwala amene dziko lirilonse liyenera kukhala nao.

A Hunter sanapange mbulu umenewu ndi manja ao, ndipo sananenepo kuti anaupanga. Iwo anapitiriza kuwerenga amithenga. Mu 2002, pamodzi ndi Gerard Manning ndi ena, anasindikiza kaundula wa ma kinase onse a m'thupi la munthu: 518, mwa iwo 90 omata pa tyrosine. Mu 2018 analandira mphoto ya Tang pamodzi ndi Druker ndi John Mendelsohn. Pamenepo n'kuti atayamba kale kulondola kamkanda kena, histidine, kamene fosifeti wake amasuluka msanga akakhudzana ndi asidi kapena kutentha, kotero kuti njira zakale zopimira zinali kumuononga asanaoneke. Mu 2015 gulu lao linapanga zida zomugwirira asanathawe.