Abhi na Pragya: n'cikondi kapena ni shipikisha?

Laciwili madzulo basi yathu ya ku Matero inaima cilili pa Lumumba Road, monga mmene imacitila nthawi yoweluka. Amai ena a pampando wakumbuyo anayang'ana nthawi pa foni n'kufuula kuti: "Ba dilaiva, tiyeni nayo! Twist of Fate izayamba ine nikali mu njila." Kondakitala sanaceuke n'komwe. Ali mkati mowelenga cenji anati: "Osavutika amai. Olo mufike mailo, muzapeza Abhi na Pragya bakali kuyambana."

Basi yonse inaseka. Koma kuseka kutatha, mkangano unabuka, ndipo unatifikitsa mpaka ku Matero.

Kwa inu amene limoti imakhala pa mpila cabe, lekani nikuuzeni. Twist of Fate ni seŵelo la ku India limene dzina lake leni-leni ni Kumkum Bhagya. Linayamba mu 2014 pa Zee TV, ndipo kuno timalionelela m'Cizungu pa Zee World, imene inatsegulidwa mu 2015. Abhi ni woimba wochuka komanso wolemela. Pragya ni mtsikana wofatsa wovala magalasi, wocokela ku banja wamba. Cikwati cao sicinayambe ndi cikondi. Abhi anam'kwatila pofuna kum'khaulitsa, cifukwa ankaganiza kuti ndiye akulanda mwamuna wa mlongo wake Aliya. Pambali anali ndi cisumbali cake, Tanu. Kenako cikondi cinamela, ndipo oonelela anayamba kuyembekezela kuti awiliwa akhale pamtendele.

Mpaka lelo ena akali kuyembekezela. Tanu anatenga mimba ya mwamuna wina n'kunena kuti ni ya Abhi. Bodza litaululika, Abhi anacita ngozi n'kuiŵala mkazi wake. Atakumbukila, agogo ake anamwalila, ndipo mlandu anaukankhila Pragya. Pambuyo pake nkhani inalumpha zaka 20, ana ao amapasa, Prachi ndi Rhea, atakulila kosiyana osadziŵana.

Apa m'pamene anthu a m'basi anagaŵikana. Mtsikana wina wovala yunifomu ya m'shopu anati iye analeka kuonelela. "Nivosatheka," anatelo. "Mwamuna akutukwana, akupitikisa pa nyumba, akuibala, iwe ungolila cabe na kumupemphelela? Uja Pragya ni ceyamani wa shipikisha kilabu." Amai a kumbuyo aja sanalole. Anati ana a masiku ano safuna kupilila, n'cifukwa cake vikwati vao sivifika caka. Kwa iwo Pragya ni mkazi wolangizidwa, wodziŵa kuti nyumba siimangidwa tsiku limodzi, ndipo wolakwa ni Tanu ndi Aliya, osati Abhi. Mdala wina amene anali cete nthawi yonseyi anangoti: "Imwe mukamba monga ni bululu banu." Koma patapita kanthawi nayenso anafunsa ngati Tanu anamangidwa. Tinam'gwila.

Ine nili ku mbali ya mtsikana uja, ngakhale kuti amai aja nawamvetsa. Cimene tiyenela kukumbukila n'cakuti seŵeloli ni malonda. Kampani ya Balaji Telefilms ya Ekta Kapoor inapanga magawo opitilila 2,000, ndipo kuti ufike pa nambala imeneyo sungalole anthu awili kukhala pansi n'kumvana. Tsiku limene Abhi angafunse Pragya modekha kuti "cinacitika n'ciani?" n'kumvetsela yankho, ndiye kuti anthu ambili nchito yatha. Conco foni imalila pamene coonadi catsala pang'ono kutuluka. Wina amamva theka la nkhani ali kuseli kwa citseko. Galimoto imagunda munthu pa nthawi yake. Pragya sapilila cifukwa ni mkazi wabwino. Amapilila cifukwa olemba afuna kuti maŵa tidzakhalenso pa mpando.

Vuto n'lakuti mau akuti kupilila kuno kwathu si a pa TV cabe. Ni mau amene mkwatibwi amamva kwa alangizi. Ni mau amene mkazi amauzidwa akathaŵila kwa makolo ndi diso lotupa, kenako n'kum'pelekeza kubwelela. Tonse tikudziŵako mmodzi wotelo pa komboni. Ndiye seŵelo likamaonetsa usiku ulionse kuti mwamuna wokunyoza lelo adzakugwadila maŵa, nyimbo ikulila ndi maluŵa akugwa, silikuphunzitsa cacilendo. Likungothilila cimene cinabzalidwa kale. Cimene cimaniŵaŵa kwambili n'cakuti oonelela ambili mkwiyo wao umathela pa Tanu. Abhi, amene amakhulupilila bodza lililonse lonena za mkazi wake, amakhululukidwa msanga cifukwa akalila amaoneka bwino.

Sinikunena kuti tizimitse ma TV. Inenso nimaonelela, nisaname, ndipo Sriti Jha ndi Shabir Ahluwalia, amene anaseŵela mbali ziŵilizi, nchito yao anaidziŵa. Pali magawo ena amene awiliwa amangocitana nthabwala m'cipinda, osakangana, ndipo amenewo ndiwo anthu amakumbukila. Ngakhale amai a kumbuyo aja anavomela kuti cimene cinawakola poyamba ni kuseka kwa awiliwa, osati misozi. Anati akhala akudikila zaka kuti zimenezo zibwelele.

Titafika pa siteshoni amai aja anatsika mothamanga, n'kuiŵala cenji. Kondakitala anacita kuwathamangila.

Kunyumba n'napeza onse ali pa TV, nsima ikuzizila patebulo. Timakhala ndi mwana wa mlongo wanga wa zaka 16, amene amadziŵa mbili ya banja la Abhi kuposa ya banja lathu. Pa nthawi ya malonda n'namufunsa kuti akanakhala Pragya akanacita ciani.

"Amalume, ine sembe n'nalonga katundu kudala," anayankha maso ali pa TV. Kenako anaonjezela kuti: "Koma Abhi amamukonda, ni Tanu cabe amene aononga."

N'nafuna kuyankha, koma malonda anatha, ndipo onse ananiuza kuti nikhale cete.