Nkhalango ikatha, bowa ndi masuku zimapita nayo

Amene anakulira mumzinda wa Blantyre amakumbuka phiri la Ndirande lili lobiriwira. M'zaka za m'ma 1990 nkhwangwa zinalowamo, ndipo posakhalitsa panatsala miyala ndi minda ya chimanga.

Nkhalango yachilengedwe ikatha sititaya nkhuni zokha. Bowa amene amayi amagulitsa m'misika nthawi yadzinja amadalira mizu ya mitengo monga mombo ndi msuku. Mumthunzi momwemo mumamera zitsamba zamankhwala. Mitengo ikagwa, mbuzi zimadya mphukira, moto wa osaka mbewa n'kumalizitsa zotsalazo. Kenako pamadzaza lantana, chitsamba chachilendo chomwe chimapanikiza zinzake.

Mizu imagwiranso nthaka. Mu March 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inakokolola matope ndi miyala m'phiri la Soche, lomwe nalonso linametedwa, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe.

Kudzala bulugamu kumapereka milimo ndi nkhuni, koma sikubweza masuku. Mwayi ulipo ndi wakuti zitsa za mombo zimaphukanso zikatetezedwa ku moto ndi ziweto. Ngati kaphiri ka kwanuko kakadali ndi zitsa, musazizule.