Kuyezetsa hepatitis C kwa amene amasefedwa magazi

Ngati impso zanu zinasiya kugwira ntchito ndipo mumalandira chithandizo cha dialysis, magazi anu amadutsa m'makina osefera kawiri kapena katatu pa sabata. Chithandizochi chimasunga moyo, komabe chimakuikani pachiwopsezo chotenga kachirombo ka hepatitis C, kamene kamafala kudzera m'magazi ndi kuwononga chiwindi pang'onopang'ono. Kadontho ka magazi kotsalira pa magolovesi, pa tebulo kapena kunja kwa makina kangathe kupatsira wodwala wina. Katemera wake palibe.

Chifukwa chiyani muyezetse pamene simukumva kanthu?

Anthu ambiri amakhala ndi kachiromboka zaka zambiri popanda chizindikiro. Kutopa ndi kusafuna chakudya zikayamba, n'zosavuta kuganiza kuti ndi vuto la impso lomwe lija. Chikasu cha m'maso kapena kutupa mimba zikamaoneka, nthawi zambiri chiwindi chimakhala chitawonongeka kale.

Muyezetse liti?

Bungwe la KDIGO, limene limalemba malangizo a chithandizo cha impso padziko lonse, limalangiza kuyezetsa pamene mukuyamba dialysis, pamene mwasamukira ku chipatala china, ndiponso miyezi 6 iliyonse. Limalangizanso kuyeza ALT mwezi ndi mwezi, pofuna kuona ngati chiwindi chayamba kuvutika.

Kuyeza kulipo kuwiri, ndipo mitengo yake ndi yosiyana

Koyamba n'kufufuza ma antibody, chizindikiro chakuti thupi linakumanapo ndi kachiromboka. Kumeneku n'kotsika mtengo, ndipo pa kachipangizo koyezera mwachangu zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Koma sikusonyeza ngati kachiromboko kakadalipo, pakuti mwa anthu 10 ochitenga, pafupifupi 3 amachira okha pasanathe miyezi 6.

Kwachiwiri ndi PCR, imene imafufuza kachirombo kenikeniko. Imadula kwambiri chifukwa imafuna makina apadera ndi zipangizo zochokera kunja, ndipo nthawi zina magazi amatumizidwa ku labotale yakutali. Pofuna kuchepetsa ndalama, zipatala zambiri zimayamba ndi ma antibody, n'kuchita PCR kwa okhawo amene apezeka nawo.

Dziwani ichi: ngati munadwalapo hepatitis C n'kuchira, ma antibody amatsalabe m'magazi. Kulipiranso kuyeza koyamba kuja n'kutaya ndalama, chifukwa yokuthandizani ndi PCR yokha.

Mukapezeka nako

Matendawa amachizika. Mankhwala akumwa a masiku ano amachiza anthu oposa 95 mwa 100 alionse, kawirikawiri m'masabata 12, ndipo alipo oyenera odwala impso. Kuchira kumateteza anzanu a m'chipinda chosefera, ndiponso kumathandiza ngati mukuyembekezera kuikidwa impso ina. Ndalama zoyezetsera n'zochepa poyerekeza ndi zochizira chiwindi chowonongeka kapena khansa ya chiwindi.

Mafunso ofunsa adokotala kapena anamwino

Ndinayezedwa liti komaliza, ndipo kunali kuyeza kotani?
Kodi mtengo wake uli m'ndalama za dialysis, kapena ndilipira padera?
Nanga inshuwalansi yanga imalipira PCR?
Kodi PCR ingachitike pa makina a GeneXpert, omwe amayezanso TB, pafupi ndi kwathu?

Inu osamalira wodwala, lembani tsiku ndi zotsatira m'buku lake la kuchipatala, ndipo muzilinyamula pa ulendo uliwonse, makamaka mukakalandira dialysis m'dziko lina.